Mkodzo ukafiira kamodzi kokha: khansa ya chikhodzodzo ndi chithandizo chake

Munthu wadzuka m'mawa, wapita kukataya madzi, n'kuona kuti mkodzo wafiira. Palibe pamene pakumupweteka. Pofika masana mkodzo wayamba kuyera, mawa lake uli bwinobwino ngati kuti dzulo kunalibe kanthu. Ndi angati amene angapite kuchipatala chifukwa cha zimenezi? Ambiri amangoti mwina ndi kutopa, mwina sindinamwe madzi okwanira, nkhani n'kuthera pomwepo. Pakapita miyezi itatu kapena isanu magazi aja amaonekanso, kenako n'kusowanso.

Umu ndi momwe khansa ya chikhodzodzo imadzionetsera nthawi zambiri. Chimene chimandiwawa n'chakuti nthendayi imachenjeza msanga kuposa makhansa ambiri, koma imachenjeza monong'ona. Tinazolowera kuti matenda oopsa amabwera ndi ululu, ndiye magazi osapweteka, osiya okha, timawapeputsa. Chonsecho kusiya kwa magaziwo sikuti chotupa chachoka ayi, kwangokhala kuti kamtsempha kamene kanang'ambika katsekeka kaye.

Ndisakuopsezeni mopitirira. Magazi mu mkodzo amabwera pa zifukwa zambiri: tizilombo m'njira ya mkodzo, timiyala ta mu impso, likodzo, kukula kwa prostate (kachiwalo ka abambo kamene kali pansi pa chikhodzodzo) mwa abambo achikulire. Mwa anthu amene amapimidwa chifukwa cha vutoli, ambiri sapezeka ndi khansa. Koma palibe amene angasiyanitse zimenezi pongoyang'ana mtundu wa mkodzo, ngakhale dokotala amene. Pamafunika kupima.

Pali zizindikiro zinanso zimene zimasocheretsa: kukodza pafupipafupi, mkodzo wothina mwadzidzidzi, kuwotcha pokodza. Zimafanana ndendende ndi matenda wamba a m'njira ya mkodzo. Amayi ndi amene amapwetekeka kwambiri pamenepa. Khansayi imagwira abambo kuchulukitsa katatu kapena kanayi poyerekeza ndi amayi, koma amayi nthawi zambiri amapezeka nayo mochedwa, chifukwa magazi aja amaganiziridwa kuti ndi a msambo, kapena mayi amangopatsidwa mankhwala opha tizilombo ulendo ndi ulendo. Mayi amene anasiya kusamba akaona magazi pokodza, kapena wina aliyense amene wamwa mankhwala koma vuto silikutha, ali ndi ufulu wonse wofunsa kuti, "Kodi sizingatheke kuyang'ana mkati mwa chikhodzodzo?"

Khoma la chikhodzodzo

Kuti timvetse chithandizo, tiyambe tadziwa kapangidwe ka chiwalochi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Impso ziwiri zimasefa magazi n'kutulutsa mkodzo, umene umatsika m'timapaipi tiwiri kukafika m'chikhodzodzo. Chikhodzodzo ndi thumba lotamuka losunga mkodzo wokwana pafupifupi theka la lita. Khoma lake lili ndi magawo. Mkati mwenimweni muli kachikopa kopyapyala kamene kamakhudzana ndi mkodzo. Kuseri kwake kuli gawo lofewa lokhala ndi timitsempha, kenako mnofu wamphamvu umene umafinya mkodzo kuti utuluke, ndipo kunja kwake kuli mafuta.

Khansa imayambira pa kachikopa ka mkati kaja. Tiyerekeze ndi khoma la nyumba. Chomera chimene changomata papulasitala mutha kuchipala n'kuchichotsa, khoma n'kutsala lilibe vuto. Koma chikalowetsa mizu m'njerwa, kupala pamwamba sikuthandizanso. N'chimodzimodzi kuno. Funso lalikulu limene madokotala amafuna kuliyankha ndi lakuti, chotupacho chafika mumnofu kapena ayi? Mwa odwala anayi alionse, pafupifupi atatu amapezeka chotupa chisanalowe mumnofu. Chiwerengero chimenechi n'cha mayiko amene anthu amapimidwa msanga. Kumene anthu amafika kuchipatala mochedwa, zinthu sizikhala choncho.

Bungwe la IARC, limene limafufuza za khansa pansi pa World Health Organization, linawerengera kuti m'chaka cha 2022 anthu oposa 600,000 anapezeka ndi khansa ya chikhodzodzo padziko lonse, ndipo oposa 200,000 anamwalira nayo. Ambiri mwa odwala ndi a zaka zopitirira 55.

Chimayambitsa n'chiyani

Anthu amadabwa akamva kuti fodya ndiye mdani wamkulu wa chikhodzodzo. Utsi umalowa m'mapapo, nanga kuchikhodzodzo ukafikako bwanji? Poizoni wa mu utsi amalowa m'magazi, impso n'kumusefa, iye n'kukathera mu mkodzo. Ndiye mkodzowo umakhala m'chikhodzodzo maola angapo, usiku wonse, ukunyowetsa kachikopa kaja, chaka ndi chaka. Pafupifupi theka la makhansa a chikhodzodzo amachokera ku fodya, ndipo wosuta ali pachiopsezo chochuluka katatu kapena kupitirira poyerekeza ndi amene sanasutepo.

Chachiwiri ndi ntchito zina. M'chaka cha 1895 dokotala wa opaleshoni wa ku Frankfurt ku Germany, Ludwig Rehn, anaona zotupa za m'chikhodzodzo mwa anthu ogwira ntchito pafakitale yopanga utoto. Patapita nthawi zinadziwika kuti olakwa ndi makemikolo ena monga benzidine. Amene akhala zaka zambiri akugwira ntchito ya utoto, labala, zikopa, penti kapena yosindikiza ali pachiopsezo chokulirapo, ndipo nthendayi ikhoza kudzatulukira patapita zaka 20 kapena 30, munthu atapuma kale pantchito. Madzi akumwa okhala ndi poizoni wotchedwa arsenic, mankhwala a khansa otchedwa cyclophosphamide, kuwotchedwa ndi radiotherapy (chithandizo cha khansa chogwiritsa ntchito cheza champhamvu) m'chiuno m'mbuyomu, komanso kukhala ndi paipi ya mkodzo kwa zaka zambiri, nazonso zimawonjezera chiopsezo.

Ndiye pali likodzo, limene liyenera kukambidwa mofatsa chifukwa limasintha nkhope ya nthendayi. Nyongolotsi yake anaitulukira Theodor Bilharz ku Cairo m'chaka cha 1851, ndipo mu 1911 dokotala wina wa mumzinda womwewo, A. R. Ferguson, analemba za kugwirizana kwa likodzo ndi khansa ya chikhodzodzo. Tizilomboti timachokera mu nkhono za m'madzi opanda mchere, n'kuboola khungu la munthu amene walowa m'madzimo. Tikakula timakakhala m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo n'kumaikira mazira. Mazira ena amatuluka ndi mkodzo, koma ambiri amakanirira m'khoma. Thupi limalimbana nawo kwa zaka, khoma limatupa, limachita zipsera, mpaka kachikopa ka mkati kamasintha n'kukhala kokhakhala ngati khungu lakunja. Pamenepo m'pamene pamamera mtundu wina wa khansa umene madokotala amautcha squamous cell carcinoma, wosiyana ndi urothelial carcinoma umene ndi wofala ku Ulaya ndi ku America. Mtundu wa likodzowu umagwira anthu ocheperako msinkhu, a zaka za m'ma 40 ndi 50, ndipo kawirikawiri umapezeka utalowa kale mumnofu.

Mankhwala a praziquantel amapha nyongolotsi za likodzo, koma sangafafanize zipsera zimene zinapangika kale. N'chifukwa chake kuchiza ana msanga n'kofunika kwambiri. Ku Egypt, likodzo litachepa chifukwa cholimbana nalo kwa zaka zambiri, khansa ya mtundu wa squamous nayo inatsika. Ndipo apa pali msampha: munthu wamkulu amene anadwalapo likodzo ali mwana, akaona magazi amangoti ndi lomwe lija labwerera. Akamwa praziquantel koma magazi osasiya, asalimbikire kumwanso. Akapimitse.

Kupima ndi opaleshoni yoyamba

Poyamba amapima mkodzo, n'kujambula impso ndi chikhodzodzo ndi sikani. Koma chimene chimapereka yankho lenileni ndi cystoscopy, kutanthauza kulowetsa kachubu kowonda kokhala ndi kamera kudzera m'njira ya mkodzo. Anthu ambiri amaopa, makamaka abambo, ndipo manyazi nawo amakhalapo. Zoona zake n'zakuti amathira kaye mankhwala oterera ochititsa dzanzi, ntchitoyo imatenga mphindi zochepa, ndipo munthu amabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Pokodza pamawotcha pang'ono tsiku limodzi kapena awiri.

Zotupa zambiri zimaoneka ngati kachitsamba ka m'madzi kokhala ndi kaphesi, kakugwedezeka. Zina zimakhala zolimba, zokhala pansi ndi tsinde lalikulu. Pali mtundu wina umene sutumphuka n'komwe, umangooneka ngati chigamba chofiira pakhoma. Umenewu amautcha carcinoma in situ, ndipo ngakhale uli pamwamba penipeni, ndi waukali.

Chotupa chikaoneka, chotsatira ndi opaleshoni yotchedwa TURBT. Sang'amba pamimba. Munthu amamugonetsa kapena kumubaya jakisoni wa pamsana, dokotala n'kudutsa m'njira ya mkodzo yomwe ija ndi kawaya kamagetsi kamene kamasenga chotupacho mpaka kufika pamnofu. Opaleshoniyi imagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi, kuchiza ndi kupima. Zidutswa zochotsedwazo zimapita kulabotale, ndipo m'zidutswamo muyenera kupezeka mnofu, apo ayi palibe amene anganene motsimikiza kuti khansa sinafikemo. Mnofu ukasowa, kapena chotupa chikakhala chaukali ndipo chadutsa kachikopa ka pamwamba, opaleshoniyi imabwerezedwa pakapita milungu iwiri mpaka isanu ndi umodzi. Wodwala akauzidwa zobwereza asaganize kuti ntchito yoyamba inalakwika. Ndi mmene ziyenera kukhalira.

Pepala la kulabotale limayankha mafunso awiri. Loyamba ndi kuya kwa chotupa: Ta ndiye kuti chili pa kachikopa kokha, T1 chalowa m'gawo lofewa lija, T2 chafika mumnofu, T3 chatulukira m'mafuta akunja, T4 chagwira ziwalo zoyandikana. Lachiwiri ndi ukali wa maselo, ngati ali ofatsa kapena olusa. Chithandizo chonse chimachokera pa mayankho awiriwa.

Chikakhala kuti sichinafike mumnofu

Iyi ndi nkhani yabwino, koma ili ndi mchira wake. Khansa yotere kawirikawiri sipha munthu ngati ikutsatiridwa bwino, koma imakonda kubwerera. Pafupifupi theka la odwala amadzaonanso chotupa china. Chifukwa chake n'chomveka: kachikopa konse ka mkati kanaviikidwa mu mkodzo umodzimodzi kwa zaka zambiri, ndiye pamene pamera lero si pokhapo pamene panawonongeka. Zili ngati munda, kupalira kamodzi sikuletsa udzu kumeranso.

Pofuna kuchepetsa kubwereraku, madokotala amathira mankhwala m'chikhodzodzo momwemo kudzera pa paipi. Nthawi zambiri amathira kamodzi mankhwala monga mitomycin kapena gemcitabine pasanathe maola 24 opaleshoni itachitika, kuti aphe maselo amene akuyandama asanamere pena. Popeza mankhwalawa salowa kwenikweni m'magazi, tsitsi silithothoka.

Kwa amene ali ndi chotupa chaukali, chithandizo chachikulu ndi BCG. Inde, BCG yomwe ija ya katemera wa chifuwa chachikulu amene ana amabayidwa paphewa. Katemerayu anamupanga Albert Calmette ndi Camille Guérin ku France ndipo anayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1921. Mu 1976 dokotala wa ku Canada, Alvaro Morales, anaonetsa kuti akathiridwa m'chikhodzodzo amachepetsa kubwerera kwa zotupa. Kwa ine iyi ndi imodzi mwa nkhani zokoma kwambiri za m'mbiri ya zachipatala: tizilombo tofooketsedwa timaputa chitetezo cha m'thupi, asilikali a m'thupi n'kuthamangira kuchikhodzodzo, ndipo polimbana ndi tizilomboto amaphanso maselo a khansa. Papita zaka pafupifupi 50, koma BCG akadali patsogolo.

Amathira kamodzi pa mlungu kwa milungu isanu ndi umodzi, ndipo wodwala amayesetsa kusunga mankhwalawo maola awiri asanakodze. Kenako pamakhala maulendo ena owonjezera kwa chaka chimodzi mpaka zitatu. Si chithandizo chopepuka. Pokodza pamawotcha, mkodzo umabwera pafupipafupi, thupi limaphwanya ngati chimfine kwa tsiku limodzi kapena awiri. Popeza tizilomboto n'tamoyo, wodwala amalangizidwa kukodza atakhala pansi, kuthira bulichi m'chimbudzi kwa maola oyambirira, ndi kugwiritsa ntchito kondomu kwa mlungu umodzi. Thupi likatentha kwambiri, kapena kutenthako kukapitirira masiku awiri, munthu athamangire kuchipatala, chifukwa mwa apo ndi apo BCG amatha kulowa m'magazi. Sathiridwa pamene magazi akuoneka mu mkodzo, ndipo kwa amene chitetezo cha m'thupi chili chofooka kwambiri dokotala amaganizira njira ina. BCG akalephera ndipo chotupa chaukali chikabwerera, nthawi zambiri amalangiza kuchotsa chikhodzodzo khansa isanalowe mumnofu.

Ndiye pali kuyang'anitsitsa. Kamera ija imabwereranso pakatha miyezi itatu, kenako mobwerezabwereza kwa zaka, ndipo kwa amene anali ndi chotupa chaukali, moyo wonse. Apa m'pamene ambiri amagwera mphwayi. Munthu akumva bwino, mkodzo uli woyera, ulendo wa kuchipatala ukutopetsa, ndiye amati ndinachira. Ine ndimaona kuti kupita kukaonedwako ndi mankhwala paokha. Chotupa chopezeka chili kakang'ono chimachotsedwa mosavuta, pamene chosiyidwa zaka ziwiri chikhoza kupezeka chitazika mizu. Kusiya fodya nakonso n'kofunika ngakhale nthenda yapezeka kale. Asakunamizeni kuti madzi atayika sawoleka. Pa nkhani iyi, kusiya kumathandizabe.

Chikalowa mumnofu

Apa nkhani imasintha. Mumnofu muli misewu imene khansa imayendamo kupita kumadera ena a thupi, ndiye kusenga pamwamba sikukwanira, ndiponso kuzengereza kumawononga. Amajambula kaye CT sikani ya pachifuwa ndi pamimba kuti aone ngati yafalikira.

Njira yodziwika kwambiri ndi kupereka kemo, kutanthauza mankhwala amphamvu opha maselo a khansa, wa m'diripi wokhala ndi mankhwala otchedwa cisplatin maulendo atatu kapena anayi, kenako kuchotsa chikhodzodzo chonse. Odwala ena amadandaula kuti bwanji osangochotsa msanga. Cholinga cha kemo woyambirirayu ndi kupha timaselo timene tathawa kale koma sitikuoneka pasikani. Phindu lake si lalikulu modabwitsa, koma ndi lenileni: pa odwala 100 alionse, pafupifupi 5 owonjezera amakhala ali moyo pakatha zaka zisanu. Cisplatin amafuna impso zamphamvu, ndipo amatha kuwononga makutu ndi mitsempha ya m'mapazi, choncho si aliyense angalandire. Khansa ya mtundu wa squamous simva kwenikweni kemo, moti kwa iyo opaleshoni ndiye chida chachikulu.

Opaleshoniyi ndi yaikulu. Mwa abambo amachotsa chikhodzodzo pamodzi ndi prostate. Mwa amayi nthawi zambiri amachotsanso chiberekero, mabasiketi a mazira ndi mbali ina ya njira ya abambo. Amachotsanso anabere a m'chiuno. Nanga mkodzo uzidzera kuti? Njira yofala, imene Eugene Bricker anaitchukitsa mu 1950, ndi kudula kachidutswa ka thumbo laling'ono, kulumikizako timapaipi tochokera ku impso, n'kukatulutsira pamimba. Mkodzo umadontha nthawi zonse m'kathumba komata pakhungu, kobisika m'zovala. Njira ina ndi kusoka chikhodzodzo chatsopano kuchokera ku thumbo n'kuchilumikiza ku njira ya mkodzo yachibadwa. Imamveka yokoma, koma ili ndi ntchito yake. Thumbo silidziwa kuuza munthu kuti ladzaza, ndiye amakodza potsatira wotchi, maola atatu kapena anayi alionse, usiku womwe. Kudontha usiku n'kofala, ndipo ena amafunika kudzilowetsa okha kachubu kuti mkodzo uthe.

Kathumba ka pamimba kamaopsa anthu kuposa khansa imene. Ena amakana opaleshoni chifukwa cha iko, n'kudzabwerera nthawi itatha. Ndikumvetsa mantha amenewa, koma amene anazolowera amagwira ntchito, amayenda maulendo, amasamba bwinobwino, ndipo woyandikana nawo sadziwa kanthu. Kucheza ndi namwino wodziwa za timatumbati, kapena ndi munthu amene ali nako kale, kumachotsa mantha kuposa mawu a dokotala. Nkhani ya kuchipinda nayo isabisidwe. Abambo ambiri amavutika kudzutsa opaleshoni ikachitika, amayi amatha kumva ululu pogonana, ndipo thandizo lilipo kwa amene walankhula. Paja safunsa anadya phula.

Kwa ena chikhodzodzo chikhoza kusungidwa. Amasenga chotupa mmene angathere, kenako n'kuwotcha ndi radiotherapy tsiku ndi tsiku kwa milungu inayi mpaka isanu ndi iwiri, pamodzi ndi kemo wochepa wothandiza kuti kuwotchako kugwire. Zimayenda bwino ngati chotupa chili chimodzi, chosakula kwambiri, chosatseka njira yochokera ku impso, ndipo chikhodzodzo chikugwirabe ntchito. Mwa odwala osankhidwa bwino, zotsatira zake zimayandikira za opaleshoni. Koma kamera ija imakhalabe mbali ya moyo, ndipo khansa ikabwerera chikhodzodzo chimachotsedwa ndithu.

Ikafalikira kutali, kawirikawiri imapita kumapapo, kuchiwindi ndi kumafupa. Pamenepo kuchiziratu kumakhala kovuta, ndipo cholinga chimakhala kutalikitsa moyo ndi kuufewetsa. Kwa zaka zambiri chida chinali kemo yekha. Tsopano kwabwera mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi monga pembrolizumab, nivolumab ndi avelumab. Kafukufuku wamkulu amene zotsatira zake zinalengezedwa mu 2023 anaonetsa kuti odwala olandira mankhwala ena otchedwa enfortumab vedotin pamodzi ndi pembrolizumab ankakhala ndi moyo pafupifupi miyezi 31, poyerekeza ndi miyezi 16 kwa olandira kemo wanthawi zonse. Ndi kusintha kwakukulu, koma mankhwalawa ndi okwera mtengo zedi moti odwala ambiri padziko sawafikira, ndipo zimenezi n'zopweteka kuzilemba.

Ngakhale pamene mankhwala amenewa palibe, mawu akuti palibenso chochita si oona. Radiotherapy ya masiku ochepa imatha kuletsa magazi ndi kuziziritsa ululu wa m'mafupa. Impso yotsekeka ikhoza kutsegulidwa ndi kachubu kodzera kumsana. Morphine woperekedwa moyenera amathetsa ululu waukulu, ndipo kumwa morphine sikutanthauza kuti munthu wagamulidwa kuti akufa mawa. Chisamaliro chochepetsa ululu chikhoza kuyamba limodzi ndi chithandizo china, osati kudikira mapeto.

Popita kukaonana ndi dokotala koyamba, muuzeni zonse ngakhale sanafunse: tsiku limene munaona magazi koyamba, zaka zimene mwasuta, ntchito zimene munagwirapo ngakhale kalekale, ndiponso ngati munadwalapo likodzo. Opaleshoni ikachitika, pemphani pepala la zotsatira za kulabotale, mulijambule pafoni, ndipo mufunse kuti mnofu unapezekamo kapena ayi. Musanatuluke pakhomo la chipatala, tsiku la cystoscopy yotsatira likhale litalembedwa.